Manja a Labala

Ndimatsika sitima ya mumsewu kusanache,
mdima wa Disembala uli bii pamwamba pa doko la Göteborg,
chipale chofewa chikulira pansi pa nsapato.
Kunsi kwa labotale, kupyola zitseko zinayi,
ndimasamba, ndimavala, ndimasambanso,
ngakhale sindikakhudza aliyense.

Zili m'thumba lalikulu la pulasitiki
lofufuma ndi mpweya wosefedwa:
mbewa makumi atatu ndi ziwiri, zakuda ngati makala,
zidzukulu za zidzukulu za mayi uja anang'ambidwa mimba
kuti ana ake asadutse njira imene obadwa onse amadutsa.
Chiyambire tsikulo palibe kachilombo
kanagonapo pa ubweya wake, m'kamwa, m'matumbo.

Manja anga amalowa kudzera m'magolovesi aatali
omatidwa kukhoma la thumbalo.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndazinyamula, ndaziyeza pa sikelo, ndaziwerenga,
koma kufunda kwa msana wake sindikudziwa.
Chakudya chake ndimaphika m'nthunzi mpaka chife kawiri.
Madzi nawo amafa asanalowe.
Nyumba yake sinunkha. Mlendo amadabwa,
amanunkhiza uku ndi uku,
amafunsa ngati muli mbewa zenizeni.

Zimadya kuposa zinzake za m'chipinda chapamwamba
koma sizinenepa.
Thumbo lina limatupa ngati chibaluni,
chinyumba chachikulu chopanda wogonamo.
Ndipo mantha oyenera mbewa zilibe:
zimayenda poyera, pakati penipeni pa kuwala,
ngati sizinamvepo mbiri ya kadzidzi.

Lachitatu anabwera Dokotala Hjalmarsson
ndi kabotolo kozizira kolembedwa nambala yokha.
Za m'mimba mwa munthu wina wa ku Borås.
Dzina lake sitiloledwa kulidziwa.
Mwina amayendetsa basi. Mwina amadana ndi nsomba.
Ndinagwira mbewa iliyonse pachikopa cha pakhosi,
iye akudontheza m'kamwa dontho limodzi,
ndipo chikhamu cha mzinda wathunthu chinalowa
m'nyumba zimene ndakhala ndikusesa zaka zonsezi.

Anati, Gunvor, lero ndi tsiku lalikulu.
Ndinati inde.
Ndinalemba nthawi m'buku, cholembera chikunjenjemera pang'ono.

Madzulo ndinapita kwa mwana wanga ku Majorna.
Kamdzukulu, Tindra, kanali pansi pa tebulo
kakunyambita supuni imene galu anayamba kale.
Mayi ake anakuwa, anathamangira madzi otentha.
Ine ndinangoti duu, chikhoto chili m'manja.
Ndinafuna kunena kuti, kasiye, kakulandira alendo.
Mawu anakanirira pakhosi.
Ndine yani ine,
amene malipiro anga amachokera pa kutseka zitseko?

Patha milungu iwiri.
Lero nditatulutsa utuchi wogonapo
fungo landiwomba m'mphuno, lowawasa, lamoyo,
fungo la khola la bambo anga ku Dalsland
ng'ombe zikatha miyezi isanu osatuluka.
Ndaseka ndekha m'chipinda chopanda zenera.
Mbewa ya nambala seveni,
ija inkakwera dzanja langa la labala mpaka pachigongono,
yandiona, yaima, yatukula mphuno,
kenako phee pakona, pansi pa utuchi.

Dokotala akuti tidikire manambala,
diso la munthu limaona zimene likufuna.
Chabwino. Ndalemba zimene ndaona basi.
Ndazimitsa magetsi, ndasiya makina akupuma m'malo mwanga.

M'sitima, mnyamata wayetsemula pambali panga
ndipo sindinasunthe.
Ndavula golovesi laubweya,
ndagwira chitsulo chimene agwira onse,
chofunda ndi zikhatho za anthu osawadziwa.
Tikuwoloka mlatho, nyali za doko zikusambira m'madzi,
m'mimba mwanga mwalira, osati mokweza:
alendo anga, osawerengeka, osaitanidwa,
akufunsa kuti lero tidya chiyani.