Muvi wa Sikelo pa Copacabana

Ndimayala sikelo yanga pa katoni
pomwe makombi a ku Mufakose amalavulira anthu,
pafupi ndi mayi wogulitsa maputi.
Ntchito yanga ndi kuyang'ana pansi.
Anthu ndimawadziwira nsapato.

Za Mayi Ligomeka n'zakuda, zodyekera kunja.
Anabwera mu Meyi
ndi kapepala ka kuchipatala kopinda kanayi:
magazi akuthamanga, tsitsani thupi.
Anandimva ndikutukwana njiwa m'Chichewa.
"Kwanu n'kuti?"
"Ku Dedza, koma sindinapondeko."
"Ife ku Ntcheu. Chimodzimodzi."
Basi, ubale.

Lolemba, 94.
Lachiwiri, 93, anandigulira nthochi.
Lachitatu, 95.
Anatsika, anakweranso, anavula juzi,
anatulutsa mpweya wonse m'chifuwa
ngati mpweyawo ndiwo unalakwa.
"Jailosi, chitsulo chakochi n'chabodza.
Ndagonera tiyi wopanda shuga ine!"
"Nanga masana?"
"Timatemba basi, ta ku Mbare."

Mchere suyenda wokha, mayi.
Uli ngati mlamu wobwera ndi ana ake,
amadzaza nyumba, koma mkuja apita.
Ndi madzi amenewo, si mafuta.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pano:
munthu wam'mawa si munthu wamadzulo.
Ndinaona kondakitala atagugudiza chigubu cha maheu,
muvi n'kulumpha ine ndikuona,
atabwerako kuseri kwa khoma
theka anali atalisiya komweko.
Ndinafuna kunenanso za amayi, mwezi ukayandikira,
koma lilime linakodwa.
Iwo anaseka. "Zimenezo ndisiyire, ndikuzidziwa."

Kumapeto kwa kope langa la ngongole
ndinayamba kuwadonthezera kadontho tsiku lililonse.
Timadontho tinkayenda ngati kombi yozemba maenje,
uku, uko, nthawi zina m'tchire,
wokwera n'kumakuwa kuti tasochera.
Koma ukatalikitsa kope ndi maso
umaona kuti msewu ukutsetsereka ndithu,
pang'onopang'ono,
ngati wochokera pa Kopje.

Mu Julaye kunagwa maliro ku Highfield.
Mausiku atatu osagona, buledi, tiyi wotseredwa kale.
Anabwera atavala chikhothi ndi majuzi awiri.
93.
Sananditukwane. Anangoponya ndalama pa katoni.
Masiku asanu ndi anayi sindinazione nsapato zija.
Ndinati basi, apita ku sikelo yamagetsi ya m'famase,
yoyankhula ndi manambala ofiira,
yosafunsa zomwe munthu wadya.

Anatulukira Lachisanu, mphepo ya Ogasiti
ikuthira fumbi m'maputi.
Asanakwere anandionetsa m'chiuno:
siketi yagwidwa ndi pini.
"Iyi yandiuza kale. Tiye timve yakoyo."
90.
Ati amatsikira patali masiku ano,
kwinako n'kumaponda okha.

Apa m'pamene ndinadziluma chala.
Ndinati, mayi, mbewu sumaifukula m'mawa uliwonse
kuti uone ngati yamera.
Muzibwera kamodzi pa sabata,
nthawi yomweyi, musanadye, juzi yomweyi.
Ndipo anamvera!
Tsopano ndimawaona Lachisanu lokha.
Masiku anayi a ndalama yanga
ndinawataya ndi pakamwa pangapa,
wa maputi mpaka lero amandiseka.

Madzulo, makombi akayamba kumeza anthu
amene anawalavula m'mawa,
ndimapukuta galasi ndi mkono wa malaya,
ndimabweza muvi pa ziro,
n'kukwerapo ndekha, pakakhala palibe woona.
57.
Dzulo inati 58, ndinasangalala njira yonse
mpaka ndinakumbuka
kuti m'thumba munali mabatire a tochi
ndi loko ya pakhomo.