Vavu ya Zuze

Zaka khumi ndi zinayi wakhala ukusintha mavavu
m'mapampu othirira nzimbe ku Nchalo.
Tsono nawe akuika yako, Zuze,
ndipo usiku ndimaimva: tiki, tiki,
ngati wotchi yoiwalika m'thumba la malaya.

Unabwera ndege zisanaimitsidwe,
msoko wautali pachifuwa,
mapepala a chilankhulo cha eni m'jumbo.

Sabata yachitatu msokowo unafiira.
Unatupa, unawala ngati bango lopsa.
Ndinayika dzanja pamphumi pako
koma kuchigwa kuno chilichonse chimatentha,
khasu, chitseko, ngakhale madzi a mumtsuko.
Ndikanadziwa bwanji?

Pageti mlonda anakuloza ndi kamfuti kake,
naŵerenga nambala, nabwerera m'mbuyo masitepe atatu.
Akuti mwina ndi kachilombo kaja.
Akuti mwina ndi thupi lako lomwe
likulimbana ndi chitsulo chimene chakupulumutsa,
monga moto wootcha masamba a nzimbe
ukalumpha msewu nkulowa munda wa wina.

Sandilola kulowa.
Phala ndimapatsira namwino Fatsileni,
amene nkhope yake sindinaionepo, maso okha.
Ndimagona pachitenje kuseri kwa wodi,
udzudzu wa ku Shire ukundiimbira mlandu.

Dzulo unaimba foni, mawu osatuluka.
Ndinati usavutike,
ingoyika foniyo pachifuwa.

Tiki, tiki, tiki.

Ndinamvetsera mpaka mayunitsi anatha,
kenako ndinapita kwa mnyamata wa pansi pa mtondo uja
kukakongola ena.