Wa M'botolo la Pashelefu Yachitatu

Magetsi azimanso kuno ku Kawale,
ndiye ndasendeza tebulo kufupi ndi zenera
kuti dzuwa la Okutobala ligwire ganyu ya nyali.
Ana a Fomu 3 aweruka. Latsala fumbi la choko,
ine, ndi iwe m'botolo lako la sipiliti
pakati pa chule wotumbuluka ndi mtima wa mbuzi.

Kapepala kako analemba ndi malemu a Gwedeza.
Inki inasuluka kalekale.
Pamene panali dzina la kwanu patsala "Na" basi.
Nacala kodi?
Wondiyankha anagona ku manda a ku Eriya 18.

Ndakutola ndi kapanira, ndakugoneka m'mbale yagalasi.
Ndikuwerenga mfundo zako ngati wogula nzimbe wokayikira:
makumi asanu ndi atatu, kudza zinayi,
minibasi ya ku Biwi yaliza hutala, ndasokonezeka,
ndayambiranso kumutu.

Mfundo iliyonse ili ndi timapazi tiwiri, uku ndi uku,
osati miyendo ya bongololo yopinda mawondo, ayi,
koma tinkhafi tamnofu, togawika pawiri,
kam'mwamba ndi kam'munsi,
topalasira, topumiranso.
Kunsonga kwake ubweya wouma, mitolomitolo,
ngati timasache ta pabwalo la nyerere.
Dzana Ndaziona anakuwa, "Chiyabwe ichi, madamu!"
manja atabisa m'khwapa.
Ndinati yang'anitsitsa, mwanawe,
chiyabwe chimadikira mapiko,
uyu kwawo ndi m'matope a nyanja yamchere.

Mutu wako ndi wochepa, koma katundu!
Maso anayi, timadontho ngati njere za bonongwe.
Tinyanga tiwiri kutsogolo,
tofufuzira tiwiri tonenepa,
ndevu zisanu ndi zitatu, zinayi tsaya ili, zinayi tsaya ilo.
Ndiye mmero uwo, umene unkautembenuzira kunja
ngati thumba la buluku la munthu wolumbira kuti alibe ndalama,
kumapeto kwake nsagwada ziwiri zakuda
zokhota ngati zikwakwa.
Unkadya ndani, iwe wofatsa chonchi?

Buku likuti fuko lako ndi Anelida, a thupi la mphetemphete.
Ndiye kuti nyongolotsi ija ndinaidula ndi khasu
ku dimba la m'mbali mwa Lingadzi
ndi msuweni wako. Pepa.
Msundu wa kudambo nawonso ndi wanu,
ngakhale sindikhulupirira kuti mumayenderana.
Mbumba yako ndi Polikita, a ubweya wambiri.
Banja lako Nereyidi.
Apa buku landisiya panjira.
Dzina lenilenilo, akuti, lili pa timano ta kummero,
uwerenge kuti ndi tingati, taima motani,
koma galasi lathu lili ndi ng'ala
ndipo pempho la latsopano lagona ku ofesi zaka zinayi.

Mzere womaliza ndausiya wopanda kanthu.

Tsiku lokajambulitsa chiphaso cha unzika
kalaliki anandifunsa: boma, mudzi, kwanu kwenikweni.
Ndinati Kawale.
Anaseka. Ku Kawale amabadwirako, mayi, koma sikwawo kwa munthu.
Mayi anga anawoloka malire nthawi ya nkhondo
ali ndi mimba ya ine ndi poto mmodzi,
dzina la mudzi wawo ankalitchula ali mtulo mokha
ndipo ine ndinkangomva chiyambi chake.

Iwe unaiona nyanja imene sindinaionepo.
Akuti mwezi ukakwana abale ako amasintha thupi,
maso amakula, timapazi timatambasuka,
amachoka pansi onse usiku umodzi
kukabalana pamwamba pa madzi, kenako n'kufa.
Iwe sunafikepo pamenepo.
Unakwera lole, unadutsa pa Dedza.

Sipiliti waphwa mpaka m'khosi mwa botolo.
Ndathiramo wotsala wa m'kabati,
ndakubwezera, ndatseka, ndamata.
Pakapepala katsopano ndalemba zimene ndikudziwa,
kenako, ndi pensulo, kuti wina adzathe kufufuta:
Kwawo: Na
Kokhala: Kawale, Lilongwe.

Alonda akugwedeza makiyi pakhonde.