Chaka Chimene Bambo Anachiwerengera

M'bokosi la nsapato, kunsi kwa bedi la bambo,
m'nyumba yosanja ya ku Gdańsk
yomwe makiyi ake ndikabweza Lachisanu,
ndapeza mabuku khumi ndi awiri,
mapepala achikasu ngati zala za wosuta,
pachikuto zombo zosongoka ngati singano
zikuboola thambo lobiriwira.

Ndakhala pa sutikesi, chikhoti ndisanavule,
ndawerenga mpaka tiyi wazizira.

Mawa lawo ndi dzana langa.
Akuti m'chaka cha 2005 anthu adzalima mbatata pa mwezi,
kuntchito adzapita pa magalimoto ouluka.
Ine chaka chimenecho ndinkadikira basi pamvula
ndi mwana wotentha thupi m'manja.

Woyendetsa chombo akusuta ndudu pakati pa nyenyezi,
phulusa akugwedezera m'kambale kagalasi.
Kompyuta yake ndi yaikulu ngati tchalitchi,
ukaifunsa imayamba yatsokomola, kenako n'kulavula kapepala.
Yanga ili m'thumba,
ikundikumbutsa kuti mawa kubwera otenga mipando.
Mkazi ndi mmodzi yekha m'chombo chonse:
amathira khofi, amakuwa chilombo chikalowa,
dzina lake latchulidwa kawiri basi.
Ndaseka. Kenako ndapsa mtima pang'ono,
mkwiyo wochedwa ndi zaka makumi asanu.

Koma patsamba 88, m'mphepete,
pali pensulo ya bambo, zilembo zopendekeka
za dzanja lozolowera kuwotcherera zitsulo padoko:
2005 kuchotsa 1947, mzere, 58.
Pansi pake: Lucjan, udzakhala ulipo.

Analipodi.
Analipo, mawondo atatupa, ntchito itatha,
akuwerenga mapilisi patebulo la kukhitchini.
Mwezi ankangouonera pakati pa makina onyamulira katundu
ndipo sindinawamvepo akuti wina anawanamiza.

Mayi Wiesława a khomo loyandikana agogoda,
akufunsa ngati nyale ya pakhoma ndiitaya.
Aona mabukuwo, apukusa mutu:
"Ankawabisa m'chikwama cha chakudya awa.
Anzawo akutchova makhadi nthawi yopuma,
iwo ali kumwamba."

Chakumapeto kwa buku lachitatu
munthu watsala yekha m'chombo.
Wailesi ikungosokosa ngati mafuta m'chiwaya.
Akuitana kwawo,
koma mawu ake atenga zaka zisanu ndi zinayi kuti afike,
ndipo akudziwa kuti womuyankha
adzakhala atakalamba, kapena atatsogola.
Akulankhulabe. Akunena zomwe wadya lero.

Apa palibe chachita dzimbiri.
Apa bambo sanalembepo kanthu,
anangopinda ngodya ya tsamba,
ndipo mpindowo wang'ambika nditauwongola.

Kunja chipale chayamba kukwirira njanji.
Mabuku khumi ndi limodzi ndaika m'katoni,
aliyense wofuna tsogolo lakale adzatola pakhomo.
Limodzi ndalowetsa m'chikhoti,
pafupi ndi foni
yomwe ikadali ndi nambala yawo.