Sikelo ya Utsi

Anandipatsa sikelo yopachika, chipewa,
ndi kamakina kangati sopo wotsala pang'ono kutha,
amvekere: pita kwa M'baluku ukapime utsi.
Ndinaseka.
Utsi n'kuupima ngati mchere wa pa msika?

Masabata asanu ndi limodzi ndinagona ndikununkha mlamba.
Abiti Sumani ankandidikira pa mgolo wawo wodula pakati
pomwe amawambira nsomba,
maso ali psuu, mpango utada ndi mwaye.
Ine kupachika mtolo wa nkhuni, kulemba:
makilo khumi ndi anayi.
Iwo: "Lembanso chifuwa changachi, mwanawe,
nachonso chili ndi makilo ake."
Pa fomu panalibe mpata wa chifuwa.
Ndinachilemba m'mphepete, ndi pensulo.

Che Mpelembe amatsika chitunda cha Chowe m'bandakucha,
matumba atatu a makala pa njinga,
buleki yake ndi chidendene cha nkhwaila.
Anandifunsa kuti manambalawa akupita kwa yani.
Ndinati ku boma.
"Boma lomwe lija linandilanda katundu pa rodibuloko?"
Ndinameza malovu.
Kenaka ndinawatsata makalawo, thumba ndi thumba,
mpaka ndinawapeza kuseri kwa mipanda ya njerwa,
m'khitchini za ovala mataye
amene magetsi akangothima amakuwira wantchito
kuti akoleze mbaula.

Ndinapimanso kumene sanayembekeze.
Jenereta ya pa nyumba ina ya alendo, msewu wa ku Monkey Bay,
imene imamwa dizilo usiku wonse
kuziziritsa zipinda zopanda munthu.
Malole olira pa mlatho wa Shire.
Mauvuni a njerwa za nyumba zomwe eni ake
amabwera pa Khirisimasi pokha.

Tsiku la msonkhano linafika.
Holo yozizira ngati furiji, madzi a m'mabotolo,
bambo wina wa mawu osalala akuwerenga zomwe akonza:
chindapusa chimodzi kwa aliyense wofukiza utsi.
"Lamulo lisaone nkhope," anatero, anthu n'kuwomba m'manja.
Ine mumtima: nsapato ya saizi imodzi
mudzi wonse uvale?
Wina idzamukhwepa, wina idzamudula zala.

Atandipatsa mphindi zisanu ndinaimirira, mawondo akugundana.
Pa khoma panaoneka mizere yanga.
Kamzere kafupi ngati chala cha mwana,
ndinati, aka ndi Abiti Sumani, mwezi wathunthu.
Uwu wotalika mpaka kudenga
ndi dizilo wa malo amodzi.
Musanaletse mgolo wawo, afikireni ndi uvuni wosadya nkhuni zambiri,
ndi tenti youmitsira usipa pa dzuwa, pa ngongole yopumira.
Musanalande njinga ya Che Mpelembe
funsani amene akudikira makalawo pa geti.
Wofukiza kwambiri ayambe ndiye kulipira,
paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kunali zii.
Wina anatsokomola, chifuwa chabwinobwino, chopanda mwaye.
Mayi wina wakumapeto kwa tebulo analemba kanthu,
n'kundipempha kuti ndibwerezenso nambala yachiwiri ija.
Wapampando anati tamva, tikaziunikanso.
Tinapita kukadya.

Sindikudziwa kuti lamulolo lidzatuluka ndi nkhope yanji.
Lipoti lili ku Lilongwe, mwina likuwerengedwa,
mwina latsamiridwa ndi kapu ya tiyi.

Dzulo ndinadutsa kwa M'baluku wopanda sikelo.
Abiti Sumani akutembenuza milamba, osacheuka:
"Chifuwa changa chija chinafika?"
Ndinati chinafika, mayi, chili pa tsamba 47,
pensulo ija anaisandutsa inki.
Anagwedeza mutu, n'kusonkhezera chikuni china,
utsi n'kutilowa m'maso tonse awiri.