Njerwa ya Rasmata

Ku Ouagadougou tambala asanalire
Rasmata wamangirira kale njinga pa mtengo wa nimu,
fumbi la m'chipululu likukukutika m'mano.

Holoyi anaimangira anthu mazana asanu.
Lero alowamo zikwi ziwiri,
ena pa masitepe, ena alendewera m'mawindo ngati mileme.
Iye mpando wake ndi njerwa
imene amaibisa kuseri kwa thanki madzulo aliwonse.

Mphunzitsi ali ukooo, kadontho chabe.
Mkuzamawu ukutsokomola,
chiganizo chimafika kumbuyo chitaduka mchira.
Wendyam amatola theka,
Rasmata theka linalo,
masana amalumikiza zigambazo kukhala tsamba limodzi.

Bambo ake amamata matayala pafupi ndi msika.
Nthawi yawo, akuti, mudzi wonse unatumiza mmodzi,
ena onse anangomuperekeza kokwerera basi.
Ndiye akamva za njerwa sakwiya.
Amangofunsa: koma uli mkati?

Ndili mkati, bambo.
Mwendo umachita dzanzi,
mayeso a chaka chatha sitinalembebe,
koma ndili mkati.

Dzulo mtsikana wina anaima pakhomo ndi kope latsopano,
maso akusaka pokhala.
Rasmata anagoneka njerwa cham'litali,
nasendera pang'ono.