Chikhatho Sichinama

Ndinalowa pageti la fakitale m'chaka chimene mtsinje wa Neckar unauma m'mbali ndi chisanu,
ndili mnyamata, buledi wakuda m'thumba.
Bambo Häfele, mkulu wa oumba, sanandifunse n'komwe dzina.
Anandipatsa dongo lofunda, lonunkha ngati machesi,
nati, "Tseka maso.
Maso amanama, chikhatho ayi."

Galimoto yathu inabadwa ndi chilema.
Injini inali kumbuyo kwenikweni,
ndiye pokhota mchira unkafuna kupitirira mutu.
Winfried, woyesa wathu, ankabwerera kuchokera ku misewu ya m'nkhalango
milomo ili mbuu,
n'kunena, "Lero yafunanso kundiluma."
Akuluakulu a m'chipinda chapamwamba anajambula ina,
yofatsa, injini kutsogolo.
Ogula anapukusa mitu.
Ankafuna yolumayo.

Basi, tinayamba kuphunzitsa chilema mwambo.
Tinakulitsa chiuno kuti matayala onenepa akwanemo.
Tinamata tiulusi thupi lonse
n'kutsegula chimphepo cha m'chipinda choyesera
kuti tione pamene mpweya ukupunthwa.
Ine ndi kachitsulo kanga kopalira:
milimita imodzi paphewa,
sabata yathunthu.
Mkazi wanga Irmtraud ankapeza dongo m'makutu mwanga,
m'bulangete,
tsiku lina mu supu.

Itafika nthawi yoti madzi aziziziritsa injini m'malo mwa mphepo,
mawu ake osasa aja anatha.
Winfried anamvetsera kamodzi, anatuluka panja,
anasuta ndudu ziwiri motsatizana.
Sanabwererenso ku ntchito Lolemba.
Tinasintha nyali, makalata aukali anadzaza tebulo,
tinazibwezera mwakale tili chete.
Koma mzere wa msana,
wochokera padenga kutsetsereka mpaka kumchira,
palibe anayerekeza kuukhudza.

Lero pampando wanga pali Nesrin,
mdzukulu wa Cemal amene ankawotcherera zitseko.
Amajambula pakompyuta, galimoto n'kumazungulira m'galasi
isanakhale n'komwe ndi thupi.
Mwezi wathawu anandiitana kudzaona yatsopano, ikadali dongo.
Ndinasiya ndodo pakhomo, ndinatseka maso.
Pamwamba pa wilo lakumbuyo
panali kotupa, kochepa kuposa tsitsi.
"Makina akuti palibe kanthu," anatero.
Ndinagwira dzanja lake, ndinaliika pamenepo.
Anakhala chete nthawi yaitali.
Kenako anafunsa ngati kachitsulo kaja ndikadali nako.

Sindinagulepo ngakhale imodzi.
Malipiro a woumba amakwana tikiti ya sitima
ndi kadimba kakang'ono m'munsi mwa minda ya mphesa.
Koma ndikaima pasiteji ku Stuttgart mvula ikuwaza,
ina n'kudutsa, madzi akutsetsereka pamsana pake
m'njira imene ndinawalambulira,
sindiyang'ana chizindikiro, kapena mwini wake.
Chikhatho changa chakumanja chimangofunda chokha m'thumba,
mpaka sitima itafika.